Mbendera za lungta: woyera ndi mphepo kapena madzi?

Amene mumadziwa bwino Chibuda cha ku Tibet, thandizeni apa. Mbendera za mapemphero zotchedwa lungta zimamangidwa pachingwe m'magulu a zisanu, ndipo ndondomeko yake sisintha: yobiriwira ngati thambo, yoyera, yofiira, yobiriwira ngati msipu, kenako yachikasu. Pakati pamasindikizidwa kavalo wonyamula miyala itatu yamtengo wapatali, kuimira Buddha, chiphunzitso chake ndi gulu la omutsatira. M'makona mumakhala nyama zinayi: chinjoka, mbalame ya garuda, nyalugwe wamizeremizere ndi mkango wa m'chipale.

Mtundu uliwonse wa mbendera uli ndi chimene umaimira. Pa mitundu itatu palibe mkangano: wathambo ndi mlengalenga, wofiira ndi moto, wachikasu ndi dothi. Vuto lili pa iwiri yotsalayo. Ambiri amati woyera ndi mphepo, wamsipu ndi madzi. Koma pa mandala, zithunzi zopatulika za Chibuda zoimira chilengedwe chonse, kawirikawiri mphepo ndiyo imakhala yobiriwira ngati msipu, madzi oyera. Kodi ndi miyambo iwiri yosiyana, kapena wina adasokoneza pofotokozera alendo?

Funso lachiwiri ndi ili. Mbendera zikachucha n'kung'ambika, siziyenera kugwa pansi chifukwa zili ndi mawu opatulika. Ena amazitentha akamamanga zatsopano pa Losar, chaka chatsopano cha ku Tibet, ena amazisiya mphepo izimalize. Amonke amalangiza chiti?