Phindu la geni likuthera kuti amayi anzanga?

NaPhiri, Ulongwe:
Ndithandizeni nzeru, ndimapikula mbatatesi ku Tsangano nkumagulitsa pamsika, malonda akuyenda ndithu koma mwezi ukatha phindu osaliona, bambo akunyumba akati ndibwereke 200 meticais ndiye yapita imeneyo. Inu mumasunga bwanji?

Make Chiku:
Asisi musamamange mpamba ndi ndalama ya ndiwo pa mfundo imodzi ya chitenje. Ine ndimasunga ndalama pa foni, ya geni ndimaponya pa akaunti ya M-Pesa tsiku lomwelo, yapakhomo pa akaunti ya e-Mola, PIN ndi yanga ndekha olo bambo sayidziwa kkkk

NaBanda, Moatize:
Lowani banki m'khonde mayi. Ife timakumana Lachisanu lililonse, bokosi lili ndi maloko atatu makiyi amasunga anthu atatu osiyana, ukabwereka umabweza ndi chiwongola dzanja koma pogawana chimabwerera kwa ife tomwe, ndiye timakonza kuti kugawana kuzichitika mvula isanayambe tigule feteleza. Ngongole yoti mukasokere chovala cha ukwati ayi ndithu.

NaPhiri:
Nanga makasitomala aku Dedza amandilipira makwacha, ndizisunga?

Make Chiku:
Sinthani msanga! Mu 2023 kwacha inagwa ndi 44%, amene anasunga mu pilo analira.