Ndingasinthe bwanji WHERE ya lipoti popanda kulembanso query?

kalaliki_wa_stoko:
Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndimakonza malipoti a katundu wotuluka mu stoko pa Report Builder ya SSRS (pulogalamu ya Microsoft yopangira malipoti), database yake ndi SQL Server. Abwana lero afuna nthambi imodzi, mawa zonse, mkuja mwezi watha wokha. Ine ndimangotsegula query n'kusintha WHERE (gawo losankha mizere yoti ituluke) pamanja, moti foda yadzaza ndi makope a lipoti limodzimodzi. Ndinayesa kuika parameter ya nthambi (kabokosi kosankhirapo potsegula lipoti) pa Filters ya dataset (mizere imene query yabweretsa). Ikusefa ndithu, koma lipoti likuchedwabe kutseguka ngati kale. Komanso ndikufuna munthu azitha kusankha nthambi zonse nthawi imodzi. Ndiyambire pati?

mmisiri_wa_sql:
Achimwene, vuto ndi pamene mwaika sefayo. Filters ya dataset imayamba ntchito mizere yonse itafika kale kuchokera ku database. Ndiye kuti mukusenza thumba lonse kuti mutapemo chikho chimodzi. Parameter ilowe mu query mwenimwenimo:

WHERE Nthambi IN (@Nthambi) AND Tsiku >= @Kuyambira AND Tsiku < DATEADD(day, 1, @Mpaka)

Report Builder ikaona mayina oyamba ndi @ imapanga yokha ma parameter ake. Pa @Nthambi chongani "Allow multiple values", ndipo mndandanda wosankhapo uchokere ku dataset ina yaing'ono ya SELECT DISTINCT Nthambi. Mukatero "Select All" imabwera yokha pamwamba pa mndandandawo.

Za masikuzo ndalemba choncho dala. Ambiri amathamangira BETWEEN, koma ngati column yanu ndi datetime, munthu akasankha pa 31 kompyuta imamva kuti 31 nthawi ya 00:00. Katundu yense wotuluka tsiku limenelo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sawoneka mu lipoti, ndipo palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani. Mumadzazindikira manambala atakana kugwirizana ndi a ku akaunti.

mayi_wa_data:
Ndiwonjezereko pang'ono. IN (@Nthambi) imayenda query ikalembedwa mu dataset momwemo. Mukadzaisamutsira mu stored procedure (query yosungidwa mu database momwemo), nthambi zosankhidwazo zimafika ngati chingwe chimodzi cha mawu olekanitsidwa ndi makoma, ndiye muyenera kuchidula ndi STRING_SPLIT, imene inayamba ndi SQL Server 2016.

Chinanso, parameter ya multiple values siilola NULL (kusiya popanda kanthu). Njira ya (@Nthambi IS NULL OR Nthambi = @Nthambi) ndi ya parameter yosankha chimodzi basi, ndipo pa tebulo lalikulu ndimaikako OPTION (RECOMPILE) kuti SQL Server isagwiritse plan (njira yofufuzira mizere) imene inakonzera wosankha wina.

Koma chimene ndikupemphani kwambiri: musamalumikize zolemba za munthu ku query ndi + kapena &. Dzina la katundu lokhala ndi ' pakati, monga ng'oma, limaphwanya query nthawi yomweyo, ndipo pamenepo ndi pomwe SQL injection (kulowetsa malamulo oipa mu query kudzera m'zolemba) imalowera.

kalaliki_wa_stoko:
Zikomo kwambiri nonse. Ndasamutsira zonse mu query ndipo kuchedwa kuja kwatha. Funso lotsala: lipoti lingamatseguke lili kale pa mwezi watha, munthu asanasankhe kanthu?

mmisiri_wa_sql:
Eya, pa Default Values. Ya @Kuyambira ikani =DateSerial(Year(Today()), Month(Today()) - 1, 1), ya @Mpaka ikani =DateSerial(Year(Today()), Month(Today()), 0). Ziroyo akutanthauza tsiku lomaliza la mwezi wapitawo, ndipo mu Januwale imabwerera yokha ku Disembala wa chaka chatha.