Dzungu lapepala lolembedwa Germany, kodi ndi lakale ndithu?

Nabanda wa ku Harrisburg:
Abale anga okhala kuno ku America, ndithandizeni nzeru. Loweruka ndinagula katoni ya zokongoletsera za Halloween, chikondwerero chija cha mfiti ndi mizukwa cha pa 31 October, pa madola 15, kunyumba ina kumene ana amagulitsa katundu wa malemu mayi awo. Muli amphaka akuda a katoni, miyendo yake yomangidwa ndi timisomali moti imagwedera, komanso dzungu laling'ono lolimba, lopangidwa ndi mapepala osinja. Kuseri kwa maso ndi kukamwa anamatako kapepala kopyapyala kojambulidwa mano, ndipo mkati monse mwada ndi mwaye. Pansi pake pali chidindo choti Germany. Nanga Ajeremani za Halloween zinawakhudza bwanji? Ndipo mwayewu ndiutsuke ndi chiyani? Ndalikonda kwambiri dzunguli, sindikufuna kuliwononga.

Bambo a Tadala, Buffalo:
Anabanda, chonde madzi asayandikire n'komwe. Utoto wake umasuluka, pepala n'kufewa. Pukutani fumbi ndi kaburashi kofewa kouma basi. Mwayewo usiyeni, ndi umboni woti ana ankaikamo kandulo yeniyeni n'kumayenda nalo usiku. Maungu ambiri otere anapsa m'njira imeneyi, ena ankangotayidwa chikondwerero chikatha, n'chifukwa chake otsala ndi ochepa.

Mwambowu unabwera kuno ndi anthu a ku Ireland ndi Scotland, makamaka amene anathawa njala ya m'ma 1840. Kwawo ankaboola ma turnip, mbewu yozungulira yobereka pansi ngati mbatata, atafika kuno anapeza kuti dzungu ndi lalikulu komanso losavuta kuboola. Ajeremani iwo sankachita nawo Halloween, yawo inali ntchito. Ku Sonneberg, m'chigawo cha Thuringia, mabanja ankaumba zidole pakhomo, bambo kuumba, mayi ndi ana kupaka utoto, kenako amalonda monga Woolworth ankagula zambiri kudzagulitsa kuno motchipa. Chidindocho chilipo chifukwa lamulo la 1890 linkafuna kuti katundu wolowa m'dziko muno azilembedwa kumene wachokera. Malondawa anaduka nkhondo itayamba mu 1939. Ngati lanulo ndi lenileni, mosakayika ndi la m'ma 1920 kapena 1930.

Mayi Phiri, Indiana:
Achemwali, ine ndinene zoona, za mfiti ndi mizukwa sindilowetsa m'nyumba mwanga. Mmene tinaleredwera kumudzi, zimenezo si zoseweretsa. Koma sindikukuweruzani ayi. Ine ndimatolera za Thanksgiving, makamaka timakandulo ta kampani ya Gurley, toumbidwa ngati nkhukundembo ndi tianthu tovala zipewa zakuda. Tinkapangidwa ku Buffalo komwe kuli Bambo a Tadalako, ndipo pansi pake pamakhala kakatoni kozungulira kolembedwa mtengo, tina masenti 10. Anthu ambiri sankatiyatsa, ankangotiyala patebulo chaka ndi chaka. Chikondwerero chokolola chimenechi, chimene pulezidenti Abraham Lincoln analengeza mu 1863 kuti dziko lonse lizichita, ndimachimva mumtima, chimandikumbutsa tsiku la masika kutchalitchi kwathu tikamabwera ndi chimanga ndi maungu kuguwa. Chimodzi chokha, musasunge zinthuzi kudenga. Kutentha kwa July kumasungunula makandulo ndipo mapepala amapindika.

Bambo a Tadala, Buffalo:
Ndinaiwala za amphaka. Tembenuzani muone m'mphepete ngati pali dzina la kampani. Kampani ya Beistle inayamba mu 1900 ndipo ili ku Shippensburg, kufupi ndi kwanuko. Inayamba za Halloween cha m'ma 1920 ndipo mpaka lero imasindikizanso zithunzi zake zakale, choncho si mphaka aliyense wooneka wachikale amene ndi wakale. Watsopano amakhala wonyezimira, kuseri kwake koyera mbuu. Wakale kuseri kumakhala kofiirira, timisomali tachita dzimbiri, ndipo kabowo kopachikira kamakhala kotakasuka. Dennison ya ku Framingham nayonso inkapanga zotere, pamodzi ndi mapepala okwinyika okongoletsera madyerero.

Nabanda wa ku Harrisburg:
Zikomo nonse. Ndawatembenuza, awiri alembedwa Beistle, kuseri kofiirira ndipo timisomali tadetsa katoni ndi dzimbiri. Mmodzi mchira unathothoka, wina anaumata ndi selotepi yomwe yasanduka yachikasu. Mayi Phiri, ndakumvani, ndipo m'katoni momwemo pansi ndapezamo kankhukundembo kakandulo kamodzi, chingwe chake chosapsa. Mukanditumizira adiresi kumbali ndikutumizirani. Bambo a Tadala, selotepiyo ndiichotse kapena ndiisiye?

Bambo a Tadala, Buffalo:
Isiyeni, mukaikoka ichoka ndi utoto. Muwaike chogona pakati pa mapepala oyera osalembedwa, nyuzipepala ayi chifukwa inki imadetsa. M'dzungumo mukafuna kuwala, ikanimo kagetsi ka batire.