Mwana wanga akumufuna mu timu ya zosambira kusukulu, ndimulole?

Mayi a Tadala, Chirimba

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi.

Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 anayamba sukulu ina ya pulayiveti kuno ku Blantyre chaka chatha. Sikuti tili ndi chuma ayi, kuntchito kwa bambo ake ndi kumene amalipira gawo lalikulu la fizi. Pasukulupo pali dziwe losambiramo, ndipo kalasi iliyonse imalowamo kamodzi pa sabata. Lachisanu lapitali wabwera ndi kalata yochokera kwa aphunzitsi a zamasewera. Akuti amuona mmene amasambirira ndipo akufuna akamuyese kuti alowe mu timu ya sukulu. Kalatayo inali itanyowa mbali imodzi chifukwa anaiika limodzi ndi thaulo, koma anandipatsa ndi manja awiri, maso ali pa ine.

Mwanayu anakulira kwa agogo ake a kuchimuna ku Nkhotakota mpaka zaka 8. Nyumba yawo ili pafupi ndi nyanja moti mwera ukamaomba mafunde umawamva uli gone pamphasa. Ndiye iye madzi sawaopa n'komwe. Woopa ndine. Kwathu ndi ku Chikwawa, ndipo mlongo wanga wamng'ono anapita ndi madzi a Shire ine ndili ndi zaka 13. Chiyambire tsiku limenelo sindinalowepo m'madzi opitirira m'mawondo.

Kupatula manthawo, pali zinanso. Kalatayo ikuti timu imakonzekera katatu pa sabata, ndipo kawiri amayamba 5:45 m'mawa. Kodi mwana wodzuka usiku chonchi sadzaodzera m'kalasi? Nanga tsitsi? Lake ndi lambiri, timaluka kamodzi pa mwezi, ndipo ndamva kuti mankhwala a m'dziwe amaliwononga. Bambo ake nawo sakukondwa ndi kostyumu, akuti mwana akukula sangamayende chomwecho pamaso pa anthu. Amene munadutsamo kapena muli ndi ana m'matimu otere, ndiuzeni zoona zake, musandinyengerere.

Mnyamata wa ku Monkey Bay

Mayi, pepani za mlongo wanu. Ife a kunyanja maliro otere timawadziwa, ndipo mantha anuwo palibe angawaseke.

Ine ndiyankha mbali imodzi yokha, ya mwana wa kunyanja akalowa m'dziwe la mpikisano, poti ndi zimene zinandichitikira. Ndinapita ku sekondale ina ku Lilongwe komwe kunali dziwe la mamita 25. Ndinkadziona ngati nsomba. Kwathu tinkasambira kukakumana ndi mabwato obwera ndi usipa m'mamawa, kutali ndithu, popanda wotiyang'anira. Tsiku loyesedwa anatiuza kuti tisambire mamita 50, kupita ndi kubwera. Popita ndinawasiya onse. Pobwera mpweya unandithera pakati, manja analemera ngati ndanyamula matumba a simenti, ndipo kamtsikana ka Fomu 1 kanandidutsa mwakachetechete, madzi osathovoka n'komwe.

Vuto linali mutu. Kunyanja timasambira mutu uli pamwamba, chifukwa umafuna uone funde likubwera, uone bwato, uone kumtunda. Koma mutu ukadzuka chiuno ndi miyendo zimamira, ndiye umakhala ukukoka thupi lako ngati khoka. M'dziwe amafuna nkhope ilowe m'madzi, maso ayang'ane mzere wakuda uli pansi paja, mpweya uzitulutsira m'madzi momwemo, ndipo pofuna kupuma ungotembenuza mutu chammbali, khutu limodzi lili m'madzi. Aphunzitsi anandiika kumbali ndi ana ongoyamba kumene. Masabata awiri athunthu ndinali wogwira khoma, kumiza nkhope, kutulutsa thovu, kenako kabolodi m'manja n'kumamenya miyendo yokha. Manyazi anandigwira kwambiri moti ndinatsala pang'ono kusiya.

Pa gala (mpikisano wa zosambira) yanga yoyamba ndinapikisana pa breaststroke, kusambira kwa chule kuja, ndipo ndinafika wachiwiri. Ndikutuluka m'madzi ndikumwetulira, anandiuza kuti andichotsa. Ndinakhudza khoma ndi dzanja limodzi, pomwe lamulo la breaststroke ndi butterfly (kusambira koponya manja onse awiri kutsogolo pamodzi) limati manja onse awiri akhudze nthawi imodzi, potembenuka ndi pomaliza pomwe. Ndinalira kuseri kwa zimbudzi, ndili mnyamata wa zaka 15.

Ndikukuuzani izi kuti mudziwiretu: mwezi woyamba Tadala adzabwera kunyumba wokhumudwa, mwina adzanena kuti sakufunanso. Musadzamuyankhe kuti ndinanena ine. Chimene nyanja yamupatsa sichichoka. Madzi akamulowa m'mphuno sachita phuma, ndipo thupi lake limadziwa kuyandama lokha. Ana ambiri a m'tauni amatenga zaka kuti apeze zimenezo. Akadzangophunzira kupuma ndi kutembenuka pakhoma, mudzaona. Ine pofika Fomu 3 ndinali ine wosambira mitunda italiitali ya timu yathu. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Aphunzitsi a PE

Mayi a Tadala, ine ndaphunzitsa ana kusambira kwa zaka zingapo ndipo ndikuti muloleni akayesedwe. Koma musangosayina kalatayo n'kukhala pansi. Pitani kusukulu mukafunse mafunso, ndi ufulu wanu. Ndani amaima pambali pa dziwe nthawi yonse imene ana ali m'madzi, ndipo anaphunzira zopulumutsa munthu womira? Ana amakhala angati kwa mphunzitsi mmodzi? Kodi atsikana akamasintha zovala pamakhala munthu wamkulu wamkazi pafupi? Akamapita kokapikisana kwina amawaperekeza ndani? Mphunzitsi wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa, amakondwa nawo.

Poyesapo sipakhala zoopsa. Nthawi zambiri timamuuza mwana asambire freestyle, kusambira chafufumimba kosinthanitsa manja kuja, kenako chagada, ndipo ngati akudziwa breaststroke aonetsenso. Butterfly sitiyembekezera kuti mwana wa zaka 11 wongobwera kumene aidziwe. Sitiyang'ana liwiro lokha. Timaona ngati akumva malangizo n'kusintha pomwepo.

Za kostyumu, auzeni bambo ake kuti pali zina zofika m'mawondo, zonga kabudula wothina wolumikizana ndi pamwamba pake. Malamulo a mipikisano amalola mtsikana kuvala chovala chochokera paphewa kufika pabondo, ndipo akatswiri a pa Olympics amavala zoterozo. Pa kaunjika zimapezeka, ingotambasulani nsaluyo muiyang'ane padzuwa. Ikaonetsa kuwala kapena mphira yake ikamveka ngati yathetheka, isiyeni, m'madzi idzakhwepa. Magalasi osambirira ndiwo ndingakulangizeni kugula atsopano. Muwayese pomukanikiza nawo pamaso osamanga lamba: akamatirira kwa kanthawi ndiye kuti amukwana.

M'mawa asalowe m'madzi ndi njala, komanso asakhute. Nthochi imodzi kapena kaphala pang'ono zakwana. Chakudya chenicheni adye akatuluka, ndipo mumuikire chambiri, chifukwa mwana wosambira amadya modabwitsa. Botolo la madzi akumwa asaliiwale, m'dziwe munthu amatuluka thukuta koma sazindikira.

Chinanso, poti wakulira ku Nkhotakota, mukamuyezetse likodzo ngati simunatero. Limatha kukhala m'thupi mwakachetechete n'kumamufooketsa mwana, ngakhale magazi osaoneka mu mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel. Musade nkhawa kuti apatsira anzake m'dziwe, tizilombo take timafunika kudutsa mu nkhono za m'madzi kaye, ndipo m'dziwe lothiridwa klorini mulibe nkhono.

Masewerawa ali ndi kopita kuno kwathu. Mipikisano ya dziko imayendetsedwa ndi Malawi Aquatic Union. Joyce Tafatatha anasambirira Malawi pa Olympics ya ku London mu 2012, Ammara Pinto ku Rio mu 2016, Tayamika Chang'anamuno ku Paris mu 2024. Onsewa ndi atsikana. Sindikunena kuti Tadala akafika kumeneko, ana ambiri amene ndawaphunzitsa sanapitirire mipikisano ya masukulu. Koma mayina amenewa mumuuze, awadziwe.

NaBanda wa ku Joni

Achemwali, ine ndiyankha za tsitsi poti ndinavutika nazo ndi mwana wanga kuno ku Johannesburg. Choyamba chotsani maganizo akuti kapu yosambirira imateteza tsitsi kuti lisanyowe. Madzi amalowabe. Chimene timachita ife n'chakuti asanalowe m'dziwe amanyowetsa tsitsi lonse ndi madzi a pampopi mpaka likhute, ndiye la klorini lija sililowerera kwambiri. Akatuluka amatsukuluza nthawi yomweyo, osadikira kufika kunyumba, kenako mafuta. Shampu kamodzi pa sabata basi, tsiku lililonse liuma n'kuyamba kuthothoka.

Mesh yaitali iwalani kaye nyengo yosambira. Imamwa madzi, imalemera, siuma msanga, ndipo mwana amakhala m'kalasi kolala ya yunifolomu ili chinyowere. Mulukeni tsitsi lake lomwe, mizere yogona yopita kumbuyo. Kapu mugule ya silikoni, yopyapyala ija ya labala imazula tsitsi la m'mphepete. Ziliponso zikuluzikulu zopangira tsitsi ngati lathuli. Ina yotchedwa Soul Cap anaikaniza pa Olympics ya ku Tokyo, anthu anadandaula kwambiri, ndipo mu 2022 bungwe loyendetsa zosambira padziko lonse linailoleza.

Khungu limatuwa, vaselini azikhala m'chikwama. Ndipo poti ali ndi zaka 11, khalani naye pansi msanga mukambirane za kumwezi, asadzadzidzimuke tsiku la gala. Wanga anajomba masabata awiri osandiuza chifukwa chake, ine n'kumamukalipira kuti wayamba ulesi. Mpaka lero zimandipweteka.

Bambo a ku Area 25

Onse akulimbikitsani, ine ndinene mbali inayo. Mwana wanga wamwamuna analowa timu yotere ndipo tinapirira materemu awiri okha. Chimene chinatigonjetsa si madzi, ndi mayendedwe. Kuti afike 5:45 timadzuka 4:30, ine kumuperekeza, kubwerera, kenako kupita kuntchito. Nthawi ya vuto la mafuta a galimoto zinakanikiratu, ndipo mwana wamng'ono simungamukweze kabaza kukadali mdima. Loweruka la gala limatha lonse muli padzuwa, mwana n'kusambira mphindi ziwiri zokha. Pakhomo nthawi zina pamakhala kolipira, chakudya mugule, yunifolomu ya timu mugule.

Za kuodzera m'kalasi n'zoona ngati sagona msanga. Wathu masamu anatsika teremu yoyamba mpaka tinakhwimitsa kuti 8 koloko akhale atagona. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye nako, ngati dziwe lawo silitenthetsedwa, funsani ngati amapuma miyezi imeneyo.

Kumbukiraninso kuti akupikisana ndi ana amene dziwe lili kuseri kwa nyumba yawo, anayamba ali ndi zaka zinayi. Wanga zinkamuwawa. Sindikuti mumukanize, koma gwirizanani ndi bambo ake ndi mwanayo kuti muyesa teremu imodzi, ndipo mupeze kholo lina loti muzisinthana kuperekeza ana musanayambe n'komwe.

Mayi a Tadala, Chirimba

Zikomo nonse, ndawerenga mobwerezabwereza ndipo zina ndawawerengera bambo ake. Atamva za kostyumu yofika m'mawondo anafewa, ndipo ndi iwo amene anakaisaka ku Limbe Loweruka.

Dzulo ndinapempha kuntchito n'kupita kukaonerera akumuyesa. Ndinakhala pabenchi yakutali kwambiri ndi madzi, chikwama ndachigwira pachifuwa. Wezulo italira ndinatseka maso, sindinaone mmene analowera. Nditatsegula anali pakati, mutu uli pamwamba ndendende mmene munanenera achimwene a ku Monkey Bay, akuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna bwato la agogo ake. Popita anali wachiwiri, pobwera anafika wachisanu mwa ana asanu ndi mmodzi. Anagwira khoma akupumira m'mwamba, kenako anayamba kundifunafuna ndi maso. Ndinapezeka ndaimirira, ndafika pafupi ndi m'mphepete penipeni osadziwa kuti ndayenda liti.

Amutenga, koma m'gulu la oyamba, ndipo kwa teremu ino azipita masana okha kawiri pa sabata, zam'mawazo ayi. Mafunso anu aja aphunzitsi ndinafunsa onse, ndipo anandionetsa mayi amene amakhala ndi atsikana kosinthira. Za likodzo tipita kuchipatala Lachinayi.

NaBanda, kapu imene tagula ikumufinya, ikungovuka akamatembenuka. Zikuluzikulu zija kuno ku Blantyre alipo akudziwa kumene zimapezeka? Ngati kulibe, ndili ndi mlamu wanga amene akubwera pa basi kuchokera ku Joni kumapeto kwa mwezi, mundiuze dzina la shopu ndimutume.