Ndalama za malata tigulire chimanga? Zokambirana za gulu lathu la a ku Ntcheu okhala ku Mzuzu

Wapampando: Abale anga, mwaswera bwanji nonse. Lamlungu lapitali nkhani ija yoti tigulire chimanga ndalama za denga la sukulu tinaisiyira panjira chifukwa obwera kumsonkhano anali ochepa. Ndati tiibweretse pano kuti aliyense aikepo mlomo, ndi a kunja omwe. A Msungichuma, yambani ndinu, tiuzeni mmene thumba lilili.

Msungichuma: Zikomo a Wapampando. M'thumba la denga la sukulu ya kwathu muli K2,300,000. Tinayamba kusonkha pakati pa 2023, mphepo itasasula chipinda cha ana a sitandade 3 chija. Nthawi imeneyo titawerengera malata, misomali, matabwa ndi mmisiri, zinkaoneka kuti chaka chimodzi chikwana. Kenako mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo kuchokera pamenepo mtengo wa malata timangouthamangira osaupeza. Chinanso chowawa n'chakuti mwa mabanja 38 amene ali m'kaundula, osonkha mwezi ndi mwezi atsala 17. Enawo sikuti ndi mwano ayi, ndimawadziwa, zinthu zawathina.

Telala wa ku Luwinga: Ganizoli ndinalibweretsa ndine, choncho ndilifotokoze ndekha kuti lisapotozedwe. Sindinanene kuti tidye ndalama za denga. Ndinati tibwereke. Juni ndi Julaye chimanga chimatsika kuno, alimi a ku Mzimba akangokolola. Tikhoza kutumiza anthu awiri ku Jenda, ku Embangweni kapena kufupi konkuno ku Ekwendeni, akagule matumba, tisunge pamodzi. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, pamene mavenda amatchula mtengo umene akufuna, ife tigulitsane tokhatokha pa mtengo womwe tinagulira, kungowonjezapo ya thiransipoti. Ndalama ibwerera m'thumba, ana athu sagona ndi njala, denga tidzamanga.

Achimwene a ku Joni: Pepani achimwene, ine pamenepa ndakana. Ndalama imene ndimatumiza ndimaipeza movutikira kuno, ndipo ndimatumiza chifukwa munandiuza kuti ndi ya denga. Ndinaphunzira m'chipinda chimenecho ine. Ana a mlongo wanga ndi amene akukhala pansi pa mtengo lero, mvula ikangoyamba aphunzitsi amawabalalitsa. Tinakaima pamaso pa amfumu ndi komiti ya sukulu n'kulonjeza. Tikawauza chiyani? Kuti malata anu tadyera nsima ku Mzuzu?

Telala wa ku Luwinga: Ndati kubwereka achimwene, osati kudya.

Achimwene a ku Joni: Ngongole ya chakudya pa chibale ndani anabwezapo? Munthu akatenga thumba mu Febuluwale alibe ndalama, mu Malichi aipeza kuti? A Msungichuma adzayenda khomo ndi khomo kukalanda mapoto?

Mayi a mapasa, Chibavi: Ndimafuna ndikhale chete koma mtima wakana. Achimwene a ku Joni, zimene mukunenazo n'zoona, koma mundimvereko nane. Febuluwale wapitayu bambo a kunyumba anakhala masabata atatu osagwira ganyu, pamalo pamene ankamanga panaima. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, madzulo okha. Ndinkagula ufa wa wokomani, timapepala tiwiri, n'kuphika nsima yofewa kuti ioneke yambiri m'mbale. Tsiku lina ndinaika poto wa madzi pamoto dala kuti mapasawa aziona ngati chakudya chikubwera, mpaka anagona. M'mawa ndinapita kwa wakatapila. Ndinatenga K30,000, ndinabweza K45,000 pakutha pa mwezi, ndipo kuti ndibweze ndinagulitsa mbaula yanga yowotchera mandasi pamodzi ndi chiwaya chake. Pano geni ndilibe. Nchifukwa chake dzina langa lili pa anthu osasonkha aja. Lamlungu sindinabwere chifukwa cha manyazi, si kuti ndinatanganidwa.

Mlembi: Amayi, zikomo polankhula. Si inu nokha.

Wa kabaza, Zolozolo: Inenso ndili pamndandanda womwewo. Nthawi imene mafuta ankasowa ija ndinkagona pamzere ku filing'i siteshoni ndi njinga ya eni ake, tsiku lonse osanyamula munthu, koma madzulo bwana akufuna yake. Ndikanakhala ndi ndowa ziwiri zokha za chimanga m'nyumba bwenzi mutu ukugwira.

Achimwene a ku Joni: Achemwali a ku Chibavi, mundikhululukire, sindimadziwa. Bwanji simunanene pagulu pano?

Mayi a mapasa, Chibavi: Pagulu pano timalemba za maliro ndi za denga. Za njala munthu umayamba bwanji?

Aphunzitsi opuma, Katoto: Ana anga, ndawerenga zonse. Funso la mayi a mapasali lisatidutse. Gulu lino tinaliyambitsa chifukwa cha maliro, kuti mnzathu akatisiya kuno tipeze galimoto yomutengera kwawo, chifukwa kuchoka Mzuzu kudutsa Kasungu, Lilongwe, Dedza mpaka Ntcheu si ulendo woti banja limodzi lingathe lokha. Pamenepo timagwirizana bwino kwambiri, usiku umodzi ndalama yakwana. Koma munthu yemweyo ali moyo, akugona ndi njala ku Chibavi, sitidziwa. Izi zandikhudza.

Komabe ndalama ya denga isakhudzidwe. Chifukwa changa n'chosiyana pang'ono ndi cha mwana wathu wa ku Joni. Tikangophunzira kuti ndalama yosonkhera chinthu china ikhoza kupatutsidwa pakagwa vuto, mawa palibe adzasonkhenso, ngakhale ya maliro. Gulu limayenda ndi chikhulupiriro basi, tilibe apolisi ife.

Koma cholakwa chathu china nachi. Ndalamayo tikuisunga ngati ndalama, pamene ikusungunuka mwezi ndi mwezi. Bwanji osagula malata lero ndi yomwe ilipoyo, n'kukawasungitsa kusukulu konko, komiti ndi amfumu asayinire? Lata silitsika mphamvu ngati kwacha. Matabwa ndi mmisiri tidzaona pambuyo, mwinanso a kumudzi akaona malata afika adzadzipereka okha pa matabwa. Za chimangazo tiyambe thumba lina, laling'ono, loyambira pansi.

Msungichuma: Za kugula malata panopa ndagwirizana nazo ndi mtima wonse. Ine tulo sindigona nayo ndalama imeneyi. Ndipo tikagulire ku Lilongwe kapena ku Ntcheu konko, tisalipire thiransipoti kuchokera kuno.

Telala wa ku Luwinga: Aphunzitsi, ulemu wanu. Koma thumba latsopanolo asonkhe ndani? Anthu 21 akulephera K5,000 ya pamwezi, ndiye tiwauze kuti asonkhenso ina? Mapeto ake nkhokweyo idzakhala ya anthu okhuta kale.

Mayi a geni, msika wa Zigwagwa: Achimwene, musawerengere ndalama yokha. Kuno kumsika ndimaona. Mwezi wa Juni ngakhale wovutika amapezako ndowa, wina m'bale wake wamutumizira kuchokera kumudzi, wina walima kadimba ku Lupaso kapena ku Nkhorongo, wina walipidwa chimanga pa ganyu yokolola. Vuto n'lakuti chimanga chikakhala m'nyumba chimatha msanga. Mwana wadwala, wagulitsako chigoba. Lendi yavuta, wagulitsa ndowa. Pofika Okutobala mulibe kanthu. Ndiye tinene kuti banja lililonse libweretse ndowa imodzi ya malita 20 mu Juni ndi ina mu Julaye, kapena ndalama yake. Amene ali ndi mphamvu aonjezere mwakufuna kwawo. Chikakhala kwa eni ake ena sungachigulitse usiku chifukwa cha mavuto a tsiku limodzi.

Achimwene a ku Joni: Zikakhala choncho ine ndiikapo matumba asanu a makilogalamu 50, osakhudza ya denga. Ndilankhulanso ndi anyamata awiri a kwathu amene tili nawo kuno.

Wa kabaza, Zolozolo: Kunyamula ndi kwanga. Aliyense amene ali ndi ndowa yake andiimbire, ndidzatenga ulere Lamlungu masana.

Agogo a ku Chiputula: Ndalembetsa kwa mdzukulu wanga. Ana inu mukukamba zogula, koma simunakambe zosunga, ndipo ku Mzuzu kuno chimanga chimaonongekera posunga. Kuno si ku Ntcheu. Kuno mvula imachedwa kusiya, Juni ndi Julaye kumakhala nkhungu ndi kamvula kowaza, m'nyumba muli chinyezi. Mukagula chimanga chosauma n'kuchitsekera, pofika Disembala mudzapeza chachita chuku, chonunkha, choti ngakhale nkhuku simungazipatse. Chimanga cha chuku chimadwalitsa, musachichepetse. Pogula muzichiluma, chouma chimathetheka pakamwa, sichinyung'unyika. Ndipo chiyanikidwenso padzuwa masiku angapo chisanalowe m'thumba, chipetedwe bwinobwino.

Mlangizi wa zaulimi, Mchengautuwa: Agogo anena zoona zokhazokha. Ndiwonjezere njira ina yoyesera: tengani botolo lagalasi louma bwino, ikanimo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho sichinaume. Posungira ndikupempha tigule matumba a PICS. Ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, mukamanga lililonse palokha mpweya sulowa, anankafumbwe amafera momwemo popanda kuthira mankhwala. Ndi okwererapo mtengo kuposa masaka wamba koma mukawasamala amagwira ntchito zaka zingapo. Mdani wake ndi khoswe ndi chilichonse chobaya. Asanjikidwe pa matabwa, asagunde pansi kapena khoma, ndipo asamatsegulidwetsegulidwe. Amene akufuna mankhwala a Actellic ndi masaka wamba zimathekanso, koma muyezo wake uzitsatidwa, osangothira mwa maso.

Aphunzitsi opuma, Katoto: Chipinda ndili nacho, cha simenti, chimene ankagona anyamata anga. Koma makiyi asakhale ndi ine ndekha. Maloko awiri, kiyi wina kwa a Msungichuma, wina kwa mayi mmodzi amene amayi asankhe okha. Ndi kope lolembamo ndowa iliyonse yolowa ndi yotuluka.

Mayi a geni, msika wa Zigwagwa: Ndipo poti tayamba, tisalekere pa chimanga. Ife amayi asanu a ku Chibavi ndi Chiputula timagula limodzi chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 n'kugawana m'mabotolo, zimatsika kusiyana ndi kugula timachubu tsiku ndi tsiku. Usipa ndi bonya chimodzimodzi, ndowa imodzi kwa obwera nazo kuchokera ku Nkhata Bay, kugawana. Pano masamba ali mbwee, nkhwani, khwanya, chitambe, futsani mfutso muike m'chikwatu kapena m'ndowa yotseka, mudzandithokoza mu Okutobala. Ndipo kuchigayo muzigayitsa mgaiwa. Ndikudziwa a kwathu timakonda ufa woyera, koma mukakonola ndowa imabwerako yoperewera, gaga yense uja ndi chakudya chimene mwataya, kuwonjezanso kulipira kawiri.

Mayi a mapasa, Chibavi: Pa mafutapo mundilembe. Ndowa ya Juni ndiyesetsa, ya Julaye sindilonjeza.

Mlembi: Apa ndiye pali funso limene tiyenera kuliyankha lero, lisadzatigawanitse mu Januwale. Amene wabweretsa ndowa imodzi, kapena sanabweretse n'komwe, adzatengako? Nanga amene ali ndi ngongole ya miyezi ya denga?

Telala wa ku Luwinga: Adzatenge. Apo ayi palibe chimene tachita.

Msungichuma: Ine ndikuti aliyense ayambe watenga zimene anaika, zimenezo n'zake, palibe mafunso. Zoonjezera za achimwene a ku Joni ndi ena ndiye zikhale za ovutikitsitsa, ndipo zikhale ngongole yobweza ndi chimanga pokolola, ndowa kwa ndowa, popanda chiwongoladzanja. Tikapereka ulere chaka chamawa tidzayambiranso pansi.

Agogo a ku Chiputula: Amasiye ndi odwala musawalembe ngongole. Kwathu sitinkatero.

Msungichuma: Agogo, ndamva. Koma tikatsegula khomo limenelo, ndani adzanene kuti uyu ndi wovutika, uyu ayi? Ine ntchito imeneyo ndekha sindiifuna, ndidzadana ndi abale.

Aphunzitsi opuma, Katoto: Isakhale ya munthu mmodzi. Anthu atatu, ndipo wovutika asalembe pagulu pano, aimbire mmodzi mwa atatuwo mwakachetechete. Dzina lake lilowe m'kope mokha. Mwamva mayi a mapasa anena kuti chinawatsekera pakamwa ndi manyazi. Tisamange nkhokwe yoti munthu aziyamba wavula ulemu wake asanalandire ndowa.

Achimwene a ku Joni: Matumba anga asanuwo awiri akhale a amasiye ndi odwala, osabweza. Atatu akhale a ngongole. Koma malata agulidwe mwezi uno, ndipo ndikufuna kuona chithunzi chake ali kusukulu, amfumu ataimapo.

Telala wa ku Luwinga: Ine ndikuonabe kuti chimanga chimenechi chichepa. Ndowa ziwiri banja la anthu sikisi ndi masabata ochepa chabe. Ndikanakonda tikanabwerekako ngakhale K500,000 ya denga. Koma ambiri mwakana, ndatsatira. Ndowa zanga zibwera, ndipo masaka akang'ambika ndisoka ine.

Wapampando: Zikomo nonse. A Mlembi lembani izi: a Msungichuma ndi munthu mmodzi apite kukagula malata sabata ya mawa, atumize malisiti pano. A Mlangizi atifunsire mtengo wa matumba a PICS m'mashopu a zaulimi m'tauni muno pofika Lachitatu. Amayi musankhe wosunga kiyi wachiwiri. Za anthu atatu aja ndi ganizo la agogo la amasiye tidzavota Lamlungu kwa aphunzitsi ku Katoto, 2 koloko, ndipo amene muli ndi ngongole ya miyezi bwerani ndithu, palibe adzawerenge maina.

Mayi a geni, msika wa Zigwagwa: Mayi a mapasa, chiwaya ndili nacho china chimangokhala. Mudutse kumsika mawa m'mawa mudzatenge, ufa wa mandasi oyamba tikaonera konko.

Wa kabaza, Zolozolo: Amayi musayende wapansi, ndidzakutengani 6 koloko.