Boila yafa, mwini nyumba akufuna heat pump ya thandizo la £7,500: koteshoni ndiilembe bwanji?

A Chisale, Leicester

Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi ntchito yomwe yandiimitsa mutu, ndipo koteshoni ikufunika Lachisanu. Nyumbayo ndi ya zipinda zogona zitatu, ya m'ma 1960, yogundana ndi inzake mbali imodzi. Eni ake ndi mayi achikulire okhala okha. Boila yawo ya gasi yafa ndipo masipeya ake sakupezekanso. Mwana wawo wawauza za Boiler Upgrade Scheme, thandizo la boma kwa osintha boila, choncho akufuna heat pump (makina a magetsi otenga kutentha panja n'kufunditsa nyumba) kuti apeze £7,500 ija. Satifiketi ya MCS, yondilola kugwira ntchito za thandizoli, ndinaipeza chaka chomwe chino cha 2025, ndipo aka n'koyamba kupempha ndekha vocha ya thandizoli ku Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi.

Nditayeza chipinda ndi chipinda, nyumbayo ikutaya kutentha kwa 10.5 kW kunja kukafika madigiri -3. Kudenga kulibe insulation (zotsekera kutentha kuti kusatuluke) ngakhale pang'ono, anangokhoma matabwa pamitanda n'kuunjikapo katundu. Mapaipi opita kumaredieta ndi a 10mm. Mayiwo akuti maredieta asakhudzidwe chifukwa angopentetsa kumene nyumba. Akufunanso kaboila kakang'ono ka gasi kodikirira masiku ozizira kwambiri, komanso kuti mawindo anayi atsopano alowe mukoteshoni yomweyo kuti asalipire VAT. Ndiyambire pati?

A Jere, Birmingham

Achimwene, musazivutitse. Ikani makina a 12 kW ogwiritsa ntchito mpweya wa R290, amafikitsa madzi pa madigiri 65 kapena kuposa. Maredieta akhala momwe alili, mapaipi osawagwira, masiku atatu mwamaliza. Lamulo loti denga ndi makoma ziyambe zatsekedwa munthu asanalandire thandizo linachotsedwa mu Meyi 2024. Mayi akuzizidwa panopa, si nthawi yowagwetsera nyumba.

A Mbewe, Manchester

A Jere, zoti lamulo linachotsedwa ndi zoona. Koma amene anasiya kufunsa za denga ndi Ofgem, pomwe amene azilipira bilu ya magetsi ndi mayiwo.

A Chisale, tiyeni tiwerengere pamodzi. Denga la nyumba zoterezi limakhala masikweya mita 45 kapena chapompo. Likakhala lopanda kanthu, U-value yake (muyezo wa kutentha kotayika) ndi cha m'ma 2.3, ndipo mukayala insulation ya 270mm imatsika kufika cha m'ma 0.16. Chotsani, muchulukitse ndi 45, kenako ndi madigiri 24 osiyanitsa mkati ndi kunja. Mupeza 2.3 kW ikutulukira padenga pokha. Nyumba imeneyo ili ngati ya malata yopanda siling'i ku Dedza mwezi wa Juni, mbaula ungaikoleze bwanji umagonabe utavala juzi. Ntchito ya tsiku limodzi kudengako itsitsa 10.5 yanu kufika 8 ndi kadontho, ndipo makina a 12 kW sakufunikanso. Makina aakulu kuposa nyumba amangoyaka n'kuzima nyengo ikakhala yofunda pang'ono, ndipo masiku otero ndi amene amachuluka m'chaka.

Tsopano za 65. Pamitengo ya Ofgem ya Okutobala 2025, yuniti ya magetsi ndi pafupifupi 26p, ya gasi yangopitirira 6p. Tinene kuti nyumba ikufuna kutentha kwa 12,000 kWh pachaka. Ndi boila yopereka 85 pa 100 iliyonse, gasi ndi pafupifupi £890. Heat pump yothamanga ndi madzi otentha kwambiri, SCOP yake (mayuniti a kutentha otuluka pa yuniti imodzi ya magetsi) n'kukhala 2.8, idya pafupifupi £1,110. Yomweyo itamathamanga motsika n'kufika 3.8, idya pafupifupi £820. Munthu wa penshoni mukamuikira makina oti bilu ikwere ndi £200 chaka chilichonse, pofika Febuluwale adzauza msewu wonse kuti heat pump ndi bodza, ndipo dzina lomwe adzatchule ndi lanu.

Za kaboila kodikirira, auzeni mwaulemu kuti sizingatheke. Thandizoli silipita ku makina ophatikiza heat pump ndi boila ya gasi. Heat pump iyenera kukwanitsa yokha kufunditsa nyumba ndi kutenthetsa madzi. Chophikira cha gasi chokha ndiye chingatsale ngati akuchikonda.

Mayi Nankhoma, Luton

Ndalowererapo abambo, poti ine ndi wa mabuku. Mawindo musawaike m'menemo. VAT ya 0 peresenti ili pa zinthu zotchulidwa mu VAT Notice 708/6: heat pump, insulation, masola, mabatire, zotseka mipata yolowera mphepo m'zitseko ndi m'mawindo, ndi zina zochepa. Mawindo enieniwo mulibe pamndandandawo, amalipira 20 peresenti ngakhale atakhala a magalasi awiri. Choopsa n'chakuti mukaunjika zonse pamtengo umodzi ngati ntchito yokonzanso nyumba, HMRC, bungwe la misonkho, ikhoza kuiona ngati ntchito imodzi ya 20 peresenti, ndipo wobweza ndalamayo mudzakhala inu. Mawindo akhale ndi koteshoni yakeyake ndi invoisi yakeyake. Kuli bwino muwapatse munthu wa mawindo.

Maredieta, mapaipi ndi thanki ya madzi otentha zimalowa pa 0 ngati mukuziika limodzi ndi heat pump monga mbali ya ntchito imodzi. Insulation ya kudenga ili pa 0 payokha. Izi zili choncho kuyambira 1 Epulo 2022 mpaka 31 Malichi 2027. Ndipo mwana wa mayiwo asayerekeze kukagula yekha katundu kushopu poganiza kuti apulumutsa. Katundu wogula popanda kuikidwa amalipira VAT yonse. 0 ija imagwira pamene msiri wabweretsa katundu n'kumuika.

A Jere, Birmingham

Masamu a akulu a Mbewe sindikuwatsutsa. Koma tizikumbukira thumba la kasitomala. Redieta yomwe pepala lake likuti 1,500 W anaiyeza madzi atatentha madigiri 50 kuposa chipinda. Mukatsitsa madzi kufika 45 imapereka gawo limodzi mwa magawo atatu basi. Ndiye kuti maredieta onse m'nyumba achoke, makapeti avundukulidwe, ndipo £7,500 ija yathera m'mapaipi. Mayi akaona mtengowo aitana munthu wa boila ya gasi mawa lomwe, ntchito yatha. Ndi nyumba zingati zomwe tataya chifukwa chofuna kuti zonse zikhale zangwiro?

A Mbewe, Manchester

Apa mwanena zomveka a Jere, ndipo sindikuumirira 45. Koma pakati pa 45 ndi 65 pali malo ambiri. Pa 50 redieta yomweyo imapereka pang'ono kuchepera theka. Musaiwalenso kuti zipinda zam'mwamba ndi zomwe zipindule kwambiri denga likatsekedwa, ndipo maredieta akale ambiri anaikidwa aakulu kuposa chipinda. Mwina am'mwamba akwanira momwe alili. A Chisale, bwerezani masamu chipinda chilichonse denga litatsekedwa, muike pambali pake zomwe redieta yomwe ilipo ingapereke pa 50. Zomwe zapelewera zokhazo ndi zomwe musinthe. Kawirikawiri redieta ya mapanelo awiri imalowa pamalo pomwe panali ya panelo imodzi, utali womwewo, penti ya mayi osaonongeka. Ndipo 50 imeneyo ndi ya tsiku lozizira kwambiri. Mukatchera bwino weather compensation, yomwe imasintha kutentha kwa madzi motsatira nyengo ya panja, masiku ambiri madzi azikhala m'ma 35 mpaka 40.

A Gondwe, Glasgow

Kuno kwathu thandizo limadutsa ku Home Energy Scotland, ndiye za vocha ndisiyira inu a ku England. Koma za 10mm ndinenepo, chifukwa anthu amaiopa mopitirira. Heat pump imafuna madzi opita ndi obwera asiyane ndi madigiri 5 okha, pomwe boila imalola 20. Ndiye kuti madzi oyenda m'paipi achuluke kanayi kuti anyamule kutentha komweko. Paipi ya 10mm pamenepo imanyamula pafupifupi 1 kW osachita phokoso, bola isatalike kwambiri. Chipinda chogona chofuna 600 W chilibe vuto. Pabalaza pofuna 1.8 kW ndiye pafunika 15mm, kapena maredieta awiri aliyense ndi paipi yake.

Chomwe mufufuze ndi paipi yodyetsa manifold, pomwe timapaipi ta 10mm timagawikira. Makina a 8 kW amafuna malita pafupifupi 23 pa mphindi, ndiye kuchokera panja kufika pathanki ikani 28mm, ndipo onani ngati yopita ku manifold ndi 22mm. Tsukaninso mapaipi bwinobwino. 10mm ya zaka zambiri imakhala itadzaza matope akuda, ndipo pampu iliyonse imalephera pamenepo.

A Mwale, Nottingham

Mbali ya magetsi. Nyumba za zaka zimenezo zambiri zikadali ndi fyuzi yaikulu ya 60A, zina zimagawana chingwe cholowa ndi nyumba yoyandikana nayo. Jambulani pamita lero lomwe, muone ngati makina anu ndi ongodziwitsa DNO (kampani ya mawaya a magetsi m'dera lanu) mutaika kapena ofunika chilolezo musanaike. Zimenezi zikachedwa zimadya masiku a vocha.

Kudenga, musakwirire waya wa shawa yamagetsi pansi pa insulation, amatentha. Mukwezeni adutse pamwamba. Siyaninso mpata m'mphepete mwa denga kuti mphepo izidutsa, apo ayi mitanda iyamba kuchita thukuta. Ngati akufuna poika katundu wawo, matabwa akwezedwe pamiyendo, asapsinje insulation.

Za kuzizidwa kwa mayi, thanki yakale ili ndi immersion, chotenthetsera madzi cha magetsi? Ngati ilipo, madzi osamba alipo kale. Abwerekeni mahita awiri a mafuta, imodzi pabalaza ina kuchipinda. Munthu akafunda amamvetsera bwino zomwe ukumufotokozera.

A Chisale, Leicester

Zikomo kwambiri akuluakulu. Immersion ilipo ndipo ikugwira, mahita ndawasiyira madzulo ano. Ndabwereza masamu denga litatsekedwa, yatsika kufika 8.2 kW. Pa 50, zipinda ziwiri zam'mwamba zikukwanira, chachitatu chapelewera pang'ono. Pansi ndiye pabalaza ndi kukhitchini pafunika kusintha.

Mayi Nankhoma, vuto langa lina ndi ili. Ine sindinalembetse VAT, ndalama zolowa pachaka sizinafike £90,000. Ndikagula makina, thanki ndi maredieta, kushopu andidula 20 peresenti, ndipo £7,500 ibwera ntchito itatha. Ndalama imeneyi ndiitenga kuti?

Mayi Nankhoma, Luton

Apa ndi pomwe osalembetsa amagonjera makampani. Katundu wa £6,000 inu mulipira £7,200, ndipo £1,200 imeneyo simungaibweze, muiika pamtengo wa mayi. Mnzanu wolembetsa amalipiritsa kasitomala 0, kenako n'kukatenga £1,200 ija ku HMRC. Mutha kulembetsa mwa kufuna kwanu ngakhale musanafike malire, n'kupempha kuti muzitumiza malipoti a VAT (ma return) mwezi ndi mwezi kuti ndalama izibwera msanga. Koma musanathamange, tsegulani buku la chaka chatha. Mukalembetsa, ntchito zokonza maboila, mipope ndi mabafa zonse ziyamba kukhala ndi 20 peresenti pamwamba, ndipo makasitomala a m'nyumba sangaibweze. Ngati ntchito zanu zambiri zikadali zimenezo, mutaya kumeneko kuposa zomwe mupeze kuno. Ngati mukulowera ku ma heat pump, lembetsani. Dziwaninso kuti ntchito za 0 peresenti zimawerengedwa pa £90,000 ija, ndipo ntchito zoterezi zochepa chabe zikufikitsani pamalire musanazindikire.

Pakoteshoni lembani mtengo wonse, pansi pake muchotse £7,500, kenako zomwe mayi alipire. Gawo lawolo ligaweni: dipoziti, ina katundu akafika, yotsala ntchito ikatha, motsatira malamulo oteteza kasitomala a consumer code yomwe munalowa. Mukapemphenso akaunti ya masiku 30 kushopu komwe mumagula, kuti makina muwalipire vocha itayandikira kutuluka ndalama.

A Mbewe, Manchester

Ndondomeko yake ikhale iyi a Chisale. Mayi okhala m'nyumba zaka zambiri chotere mwina alibe EPC (satifiketi yoonetsa momwe nyumba imagwiritsira ntchito mphamvu), kapena inapitirira zaka 10, ndipo pamalamulo a 2025, popanda EPC yamoyo vocha sibwera. Yambani denga, woyeza EPC abwere litatha kuti lilowe papepala, kenako pemphani vocha. Ofgem itumiza imelo kwa mwini nyumba kuti avomereze, ndipo ali ndi masiku 14. Mwana wawo akhale pafupi awathandize kuifufuza, koma wovomereza akhale amene dzina lake lili panyumba. Vocha ya heat pump yotenga kutentha mumpweya (air source) imakhala miyezi 3, ndiye makina musawaitanitse mochedwa. Makoma nawo muwayang'ane ndi kamera. Ngati mpata wapakati uli wopanda kanthu ndipo khoma silinyowa, auzeni tsopano musanasankhe makina, chifukwa akadzautseka chaka chamawa 8 kW yanu idzakhala yaikulu.

A Jere, Birmingham

Pa 50 ndi maredieta atatu okha ndavomera. Makina akhalebe a R290, athandiza kutenthetsa thanki popanda kudalira immersion. Kungoti musawaike pafupi ndi zenera lotseguka, chitseko kapena ngalande, werengani mtunda womwe wopanga analemba. Lamulo la mita imodzi kuchokera kumalire linachoka ku England mu Meyi 2025, koma masamu a phokoso a MCS 020 akadalipo, ndipo nyumba yogundana chotereyi zenera la neba limakhala pafupi.

A Chisale, Leicester

Ndachokera kwa mayi aja, mwana wawo analiponso. Ndinawaonetsa mabilu awiri aja a akulu a Mbewe papepala, ndipo za kaboila azisiya okha atamva kuti thandizo lingawaphonye. Denga tikutseka Lolemba, wa EPC abwera Lachitatu. Makoma ndaboola malo awiri, anatsekedwa kale ndipo ndi ouma, ndiye 8 kW ikhala. Maredieta atatu asintha, paipi ya pabalaza ikhala 15mm kudzera pansi pa masitepe, mawindo ndawapatsa mnzanga alembe yake. Za VAT, buku la chaka chatha likuonetsa kuti maboila ndi mabafa akadali ochuluka, choncho ntchito iyi ndiichita osalembetsa, ndionenso mu Januwale. A Mwale, fyuzi ndi ya 60A ndithu ndipo chingwe akugawana ndi neba. Chithunzi ndakutumizirani, mundithandize fomu ya DNO usiku uno ngati muli ndi mpata.

A Mwale, Nottingham

Ndachiona. Chimenecho n'chopempha kaye musanaike, ndipo mwina abwera kudzawapatsa chingwe chawochawo. Tumizani dzina la makina ndi nambala ya MPAN ya pabilu ya magetsi, ndikuimbirani 8 koloko.