Thandizeni pa nkhani yosindikiza makhadi a Netrunner

Moni nonse mgulu muno. Ndili ku Mangochi, timasewera gemu ya makhadi ya Android: Netrunner ndi anzanga madzulo, makhadi anabwera nawo achimwene kuchokera ku Johannesburg. Vuto ndilakuti kampani ya Fantasy Flight Games inasiya kupanga gemu imeneyi mu 2018 laisensi yawo ndi kampani ya Wizards of the Coast itatha, ndiye atsopano ochokera kwa iwo kulibe, athuwa afufuma ndi thukuta mmakona monse mwanyemuka moti ena timawadziwa ngakhale atatembenuzidwa.

Ndayesa kusaka akale pa intaneti koma mtengo wake plus shipping kufika kuno ayi ndithu. Ndinapita pamalo ena osindikizira paboma pompano ndi zithunzi mu flash, bambo ake anakana amvekere za copyright sakhudza, kwina anavomera koma pepala lake lopyapyala loonekera kuseri. A Null Signal Games, omwe ndi ma fan anapitiriza gemuyi, amapereka ma PDF a makhadi awo kuti munthu asindikize yekha, amenewo sindikuwakayikira, koma ine ndikufuna akale aja okhala ndi zojambula za kampani.

Funso langa, ngati ndasindikiza ongosewerera pakhonde osagulitsa, Copyright Act ya 2016 ikundigwira? Gemu ikasiya kupangidwa umwini suthera pomwepo, izo ndikudziwa, koma zongogwiritsa ntchito pawekha zimaloledwa mpaka pati? A COSOMA, bungwe loona za copyright ku Malawi kuno, amaonanso za makhadi kapena ndi nyimbo ndi mabuku basi? Komanso odziwa kosindikiza pa pepala lolimba saizi ya 63 x 88 mm, kaya ku Zomba kaya Blantyre, ndiuzeni chonde.